Mutu Wobwereka

Twaibu anabwera nayo pa kabaza
ataifunditsa bulangeti la ana
ngati wodwala wopita naye kuchipatala.
Pakhomo la shopu yanga pa Kamuzu Road
inalowa chammbali, ikukhula felemu.

"Amisiri, iyi ndi simati," anatero.
"Ndinaigula ku Joni chaka chomwe ndinakwatira.
Inkadziwa zonse. Ukailankhula inkayankha.
Lero ndikati ndionere filimu
imangozunguza kamkombero pakati pa galasi,
kuzungulira, kuzungulira,
bandulo yanga n'kutha
ndisanaone nkhope ya munthu."

Ndinaiyatsa.
Galasi lake linalibe mlandu:
choyera chinali mbee ngati mpunga wa ku Lifuwu,
mawu ankatuluka bwino mbali zonse ziwiri.
Chinakalamba ndi mutu wokha.
Amene anaipanga anasiya kale kuitumizira nzeru,
ali kalikiliki kutsatsa mng'ono wake.

Ndinakoka dirowa, ndinatulutsa kanthu kakuda
kotalika ngati chala cha mkombaphala.
Twaibu anaseka mpaka kutsamwa.
"Miyezi isanu ndi umodzi ndinkatsuka magalimoto,
zala zikuuma ndi chisanu cha ku Joni,
kuti ndigule chinthu ichi.
Lero chizilamulidwa ndi kachala?"

Sindinayankhe.
Ndinapemerera fumbi pa kabowo kakumbuyo
pomwe kangaude anali atayamba kale maziko,
n'kukalowetsa.
Foni yake inapereka netiweki monyinyirika.
Tinadikira. Panja minibasi inkaitana a ku Senga Bay.
Kenaka, ngwee,
mkazi wina wa m'filimu anatsegula chitseko
n'kuyamba kukalipira mwamuna wake
pakati pa mawaya ndi mawailesi anga akufa.

Sindinamunamize.
Ndinati marimoti akhala awiri tsopano,
ndipo kakang'onoko ana adzakabisa m'mpando.
Kanthuka kamafuna soketi yakeyake,
mlendo wa manja ataliatali akhoza kupita nako m'thumba.
Bandulo kamadya mofanana ndi mkulu wakeyo,
magetsi akathima onse awiri amakhala duu.
Koma kakadzakalamba, Twaibu,
sudzalembanso kabaza.
Udzakazula ngati dzino, n'kugula kena,
galasi lako la ku Joni likadali pakhoma.

Anawerenga ndalama kawiri, malovu pachala.
Atafika pakhomo anabwerera, mawu atatsitsa:
"Mukamate kumbuyo ndi tepi yakuda, kasaoneke.
Aneba amabwera Loweruka kudzaonera mpira.
Iwo amadziwa kuti yanga ndi simati."

Ndinakamata bwinobwino.
Sindinamuseke, ndipo chifukwa chake ndi ichi:
ine ndinaphunzira ntchito pa ma TV a linunda kumsana,
aja ankafuna amuna awiri powanyamula.
Ndinkadziwa nthenda yake ndi fungo lokha,
chitsulo chowotcherera chinali cholembera changa.
Za masiku anozi zimadwala posaoneka,
ulibe poika chala.
Kanthu kakudako sindinakadziwe ndekha.
Anandionetsa ndi Tiyamike, mwana wanga wotsiriza,
amene amakhala kuseri kwa katani akaweruka kusukulu,
n'kumandinong'oneza podina
kasitomala akayang'ana kumbali.

Chikwangwani panjapo chili ndi dzina langa lokha.
Manja akadali anga, maso akuonabe wononga waung'ono.
Koma madzulo aja, kabaza atakhota kulowera ku Kaphatenga,
bulangeti likukupiza pamsana pa Twaibu,
ndinakoka katani.
Anali atagona pa buku la masamu,
rimoti yoyesera ili m'dzanja.
Ndinaima pamenepo nthawi yaitali,
tepi yakuda yotsala ikumata zala zanga.
Mawa ndikaitana wolemba zikwangwani.